Andipeza ndi chindoko ku sikelo, bambo akukana jakisoni

Mayi wa ku Mtendere:

Amayi ndi abambo, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Lachiwiri ndinapita ku sikelo, ananditenga magazi pachala, kenako anesi anandiitanira m'kachipinda n'kundiuza kuti HIV ndilibe koma chindoko chilipo. Anandibaya jakisoni wapathako tsiku lomwelo, wowawa mpaka mwendo kulemera, ndipo akuti atsala awiri, sabata iliyonse mmodzi. Anandipatsanso kapepala koti bambo akunyumba apite nako akabayitse.

Kapepalako ndinawapatsa usiku titadya. Anakawerenga, n'kukapinda, n'kukaika pansi pa wailesi. Akuti iwo alibe chilonda, pokodza sipawawa, ndiye akabayitse chiyani. Ndi kondakitala wa minibasi, amadzuka 4 koloko kukayamba ulendo wa m'tauni, ndipo akuti akajomba tsiku limodzi pakhomo la basi paima wina. Dzulo anafika ponena kuti mwina ndabwera nacho ndine. Zimenezo zandipweteka, koma mtima wanga uli pa mwanayu. Kodi ine ndekha ndikamaliza majakisoni, mwana apulumuka? Nanga munthu wooneka bwinobwino angakhale nacho?

Mzamba wopuma, Kabwata:

Mwanawe, mwachita bwino kubayitsa tsiku lomwelo. Jakisoniyo ndi benzathine penicillin, ndipo amadutsa m'magazi anu kukafika kwa mwana m'mimbamo, moti akuchiza nonse awiri. Chofunika n'chakuti mayi alandire mankhwala kusanatsale masiku 30 kuti abereke, ndiye pa miyezi isanu nthawi mukadali nayo. Akupatsani atatu chifukwa sakudziwa kuti matendawa akhala nthawi yaitali bwanji m'thupi. Musadumphitse sabata, chonde. Mukachedwa kwambiri amayambiranso pa woyamba.

Tsono za bambowo. Inde, munthu akhoza kukhala nacho osadziwa, ndipo ambiri amene ndinawaona pa ntchito yanga anali otero. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kamodzi kosawawa, patapita pafupifupi masabata atatu chilowereni. Kamatha kukhala pobisika, mkati mwa mayi, pansi pa khungu la bambo, ngakhale mkamwa, ndipo kamapola kokha. Pambuyo pake ena amatuluka tizidzolo tosayabwa m'manja ndi kuphazi, nato n'kuzimiririka. Apo munthu amati ndachira, pamene kachilombo kangokhala chete m'magazi ngati moto wapansi pa phulusa, zaka n'kumapita. Kupweteka pokodza ndi mafinya amene bambowo akudikirawo ndi za chinzonono, matenda ena.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mlandu wa "wabwera nacho ndani" muusiye kaye. Magazi sanena tsiku. Mwina mmodzi wa inu anachitenga musanadziwane n'komwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti chindoko sichisiya chitetezo m'thupi: mukachira inu, bambo osabayitsa, akupatsiraninso, ndipo mwana abwereranso pangozi. Ndaonapo pakati pakupita padera, ana obadwa atafa, ena obadwa masiku asanakwane, chifukwa cha jakisoni amene bambo anamukana. Zimandiwawa mpaka lero chifukwa mankhwala ake alipo. Pakadali pano musakhale malo amodzi mpaka nonse mutamaliza mankhwala ndipo padutse masiku 7. Zikakanika, kondomu.

Dalaivala wa ku Matero:

Achemwali, ine ndilankhule ngati mwamuna wapamsewu. Zoti ntchito iwathera n'zoona pang'ono, pa siteshoni anyamata ofuna malo ndi ambiri. Koma tonse timasiyira mnzathu basi tikakhala ndi maliro kapena mwana akadwala. Chimene akuopa achimwenewo ndi manyazi okhala pabenchi pakati pa azimayi a mimba, ndiponso kuti akawayeza HIV. Sanena, koma ndi zimenezo.

Musawayambe atangofika, ali ndi fumbi, ndalama ya bwana isanakwane. Dikirani Lamulungu masana. Ndipo musati "mwandipatsa matenda". Nenani kuti anesi akuti mwana wathu akufunika tonse awiri tibayitse. Mwamuna ukamutchulira mwana wake amafewa. Ku kiliniki yakwathu mayi akabwera ndi mwamuna wake amawalowetsa msanga, mufunse ngati kwanuko amachitanso chimodzimodzi, kuti 9 koloko akhale atabwerera pamsewu.

Chinanso, muwayang'anire asakagule makapisozi kwa anyamata a mumsika kapena mabotolo a zitsamba aja amati amatsuka magazi. Anzanga ambiri amathamangira kumeneko, kumwa awiri atatu, basi ati ndatsuka. Sizichiza chindoko.

Nachisale wa ku Chawama:

Ine zinandichitikira pa mwana wachiwiri. Amuna anga anakana mpaka ndinabwerera kwa anesi n'kuwauza, iwo n'kuwaimbira foni okha mwaulemu. Mawa lake anavala jekete n'kunditsogolera. Mawu a mkazi amawapeputsa, a wovala yunifolomu amawamva. Mwanayo pano ali giredi 3, wathanzi.

Ankhoswe musawaitane msanga. Nkhani ikangofika kwa achibale imasanduka ya chigololo, za jakisoni n'kuiwalika, ndipo mawa Mtendere yonse yadziwa. Koma ngati ayamba kukuopsezani kapena kukukakamizani kuchipinda, pamenepo musakhale chete, auzeni anesi kapena mupite ku Victim Support Unit ku polisi.

Mayi wa ku Mtendere:

Zikomo nonse, mtima watsikako. Sanandiopsezepo, amangokhala duu. Ndiyesa Lamulungu monga mwanenera achimwene, zikakanika Lachiwiri ndikawapempha anesi awaimbire. Amayi a ku Kabwata, ndifunsenso: ndikamaliza atatuwo adzandiyezanso kuti aone ngati chatha? Ndipo mwana ndidzayamwitsa?

Mzamba wopuma, Kabwata:

Mudzayamwitsa, chindoko sichidutsa mumkaka. Pokhapokha patakhala chilonda pabere, apo mukaonetse kaye. Za kuyeza, musadzadzidzimuke: kachipangizo ka pachala kaja kamaonetsabe mizere iwiri ngakhale munthu atachira, nthawi zambiri moyo wake wonse. Chimene chimasonyeza ngati mankhwala agwira ndi kuyeza kwina kwa ku labu, kotchedwa RPR, komwe nambala yake imatsika pakapita miyezi. Muonetsetse kuti jakisoni aliyense walembedwa pa khadi lanu la sikelo ndi deti lake, ndipo pokachira mukawaonetse azamba kuti mwana akangobadwa amuunike, ngati pafunika amubaye nayenso. HIV mudzayezetsenso mimba ikakula, pamodzi ndi bambowo ngati alola.