Mwana wanga akusokoneza pofunsa mafunso m'Chingerezi

Mayi wa ku Chinamwali:
Anzanga ndithandizeni. Mtsikana wanga ali Fomu 4, alemba MSCE chaka chino, ndipo mukudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe. Mawu amadziwa ambiri ndithu, koma funso amalemba "Where she is going?" kapena "Does he sells fish?" Buku lake langofiira ndi inki ya aphunzitsi. Ndingamuthandize bwanji kunyumba madzulo?

Mphunzitsi wa ku Matawale:
Mayi, mwanayo akuyala Chingerezi monga timayalira Chichewa. Ife pofunsa sitisuntha mawu: "Akupita kumsika", "Akupita kuti?" Chingerezi chimafuna kuti is, are, can ndi will zidumphe zikhale patsogolo pa munthu wochitayo: "Where is she going?" Ngati m'chiganizo mulibe mawu oterewa, pamabwera do, does kapena did. Does akangolowa, s amachoka pa mneni chifukwa does wamutenga kale: "He sells fish", koma "Does he sell fish?" Ndi did chimodzimodzi, "Did she go?" osati went. Ana ambiri amagwera pamenepa, musadandaule.

Wophunzira wa ku Chanco:
Achenjerenso funso likalowa m'kati mwa chiganizo china. Pamenepo mawu amabwerera m'malo mwake: "I don't know where she is going."

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo aphunzitsi. Loweruka tikamapita kumsika kukagula matemba a ku Chilwa, ine ndizinena chiganizo, iye azisandutsa funso.