Za timaliboni ndi mamendulo tija, ndapeza yankho

Sabata yatha ndinafunsa kuti timizere tamitundumitundu timene asilikali amavala pachifuwa tija ndi chani, ndi mendulo kapena ndi zina. Amene munandiyankha zikomo, komanso ndinakacheza ndi malume anga omwe anapuma usilikali kalekale ndiye pano ndamvetsa.

Nkhani ndi yoti mendulo ndi chitsulo chija cholendewera pa kansalu, ndiye kaliboni ndi kachidutswa ka nsalu yomweyo, mitundu yake yomweyonso. Kuntchito tsiku ndi tsiku munthu amangovala timaliboni basi, mamendulo enieniwo amatuluka pa perete kapena pa mwambo waukulu, apo ayi bwenzi akungolira ngwerengwere muofesi monse. Palinso timamendulo ting'onoting'ono tovala pa madyerero a usiku a maofisala.

Zimakhala kumanzere, ndipo sumangosanja mmene wafunira ayi, ya ulemu kwambiri imayambira chapakati pa chifuwa, ku Britain Victoria Cross ndi imene imatsogola. Malume ananditulutsira yawo ya United Nations m'kabokosi, yachita dzimbiri pang'ono m'mbali, akuti chitsulocho ndi chimodzimodzi mamishoni ambiri koma maliboni ndi amene amasiyana, ndiye wodziwa amangoona mitundu nkuzindikira komwe unakagwira ntchito.

Chandidabwitsa nchoti ku America kuli maliboni ena opanda mendulo nkomwe. Komanso ukavala za agogo ako omwalira pa tsiku lokumbukira asilikali, ku Britain ndi Australia umavala kumanja kuti anthu adziwe kuti si zako. Ine ndikanangobaya kumanzere ndithu.