Thandizeni abale, ŵ ndi ng' zikundisokonezera ma link pa PHP

Moni nonse, ndavutika nazo izi kuyambira dzulo mpaka mutu ukuwawa. Ndikupanga kawebusayiti ka nkhani za Chichewa ndiye ndimafuna mutu wa nkhani uzisanduka slug (mawu a kumapeto kwa link) wokha, mwachitsanzo "Ng'ombe za ku Malaŵi" ikhale ngombe-za-ku-malawi basi. Ndinayamba ndi strtolower (yosintha zilembo zazikulu kukhala zazing'ono) kenako preg_replace kuchotsa chilichonse chomwe si a-z kapena nambala, koma ŵ ikungosowa, ikutuluka malai, anthu aziti ndi dziko liti limeneli kkkk. Pa tsamba lina ikuoneka ngati Åµ, apa ndikuganiza kuti ndi nkhani ya UTF-8 (kasungidwe ka zilembo mu kompyuta), mwina database yanga ili pa latin1 osati utf8mb4.

Mnzanga wina anati ndiyese iconv ndi TRANSLIT kuti ŵ isanduke w, pa laputopu yanga zikutheka bwinobwino koma ndikaika pa seva ikubweretsa ? m'malo mwa w, akuti zimatengera locale (ma setting a chilankhulo pa seva). Ku JavaScript ndinaona kuti normalize("NFD") imalekanitsa w ndi kachipewa kake kenako umangochotsa kachipewako, kodi pa PHP ndi Normalizer ya intl yomwe imachita zomwezi? Nanga strtolower ija ndingoisiya ndigwiritse mb_strtolower chifukwa Ŵ wamkulu sakutsika?

Vuto lina ndi ka apostrophe ka ng', olemba ena akakopera kuchokera mu Word kamabwera kopindika ’ osati kowongoka, ndiye kusaka ng'oma sikupeza ng’oma. Ndizisintha posunga kapena posaka? Amene munakumanapo nazo ndionetseni code yanu chonde.