Malo ovina chovula: bwanji kwina ali mbwee, kwina kulibe?

Wa ku Matawale:
Akuluakulu, n'chifukwa chiyani malo amene atsikana amavina akuvula ndi ochuluka m'maiko ena, koma kuno ku Zomba sitiwaona?

Wa ku Chinamwali:
Choyamba ndi lamulo, achimwene. Iceland idawaletsa mu 2010. Ku Portland, mzinda wa m'chigawo cha Oregon ku America, adachuluka chifukwa makhoti a ku Oregon amateteza kuvina kotere ngati ufulu wofotokoza maganizo. Kuno laisensi ya mowa imachokera ku khonsolo, ndipo mipingo ndi mizikiti singangoyang'ana.

Wa ku Sadzi:
Musaiwale ndalama. Malowa amadalira alendo osadziwika, omwaza ndalama. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Kuno kwatsala ophunzira, asilikali ndi aboma. Malipiro akatha pakati pa mwezi, m'bala mumangolira wailesi. Komanso tauniyi ndi yaing'ono: galimoto ikaima pakhomo usiku, m'mawa apongozi amva kale.