Fornaroli anatenga chikho cha F3 osapambana ngakhale kamodzi. Kodi imeneyi ndi ngwazi?

Bambo a Tadala analemba:

Abale, pali nkhani imene yandikhala pakhosi kuyambira pa 1 Seputembala 2024, ndipo dzulo tinakangananso ndi mwana wanga mpaka anakagona atatupa masaya. Ndati ndiitule pano mundithandize maganizo.

Kwa amene simutsatira kwambiri, FIA Formula 3 ndi mpikisano wa achinyamata oyendetsa timagalimoto ta mpando umodzi ta matayala apanja, tofanana ndi ta Formula 1 koma tochepa mphamvu. Amathamanga pa misewu yomweyo ya F1, sabata yomweyo, kungoti iwo Lamulungu amayamba m'mamawa anthu asanadzaze. Magalimoto amakhala 30, matimu 10, timu iliyonse atatu. Mu 2024 onse ankayendetsa Dallara ya mtundu umodzi, injini ya Mecachrome ya V6, matayala a Pirelli. Anazungulira malo 10, kuyambira ku Bahrain kukathera ku Monza, mipikisano iwiri pa malo aliwonse. Yonse pamodzi 20.

Pa mipikisano 20 imeneyi Leonardo Fornaroli, mnyamata wa ku Italy wa timu ya Trident, sanapambane ngakhale umodzi. Koma ndiye ananyamula chikho.

Tsiku lomaliza lija la ku Monza ndinaliona ndi maso anga, ine ndi Tadala titaunjikana pa foni imodzi. Pomalowa mu raundi yomaliza, Sami Meguetounif anali patsogolo, Gabriele Minì wa timu ya Prema wachiwiri, Christian Mansell wachitatu, Fornaroli wachinayi. Zikanathera pomwepo, chikho chinali cha Minì ndi pointi imodzi yokha. Anatuluka mu makona a Ascari, analowa mu msewu wowongoka wakumbuyo uja, ine n'kuti basi zatha. Atafika pa Parabolica, kona yomaliza ya raundi yomaliza ya chaka chonse, Fornaroli anachedwetsa mabuleki, n'kulowetsa mphuno ya galimoto mkati mwa Mansell, matayala atatsala pang'ono kukhudzana, n'kutuluka ali wachitatu. Tadala analumpha, foni inagwa pansi. Podutsa mzere womalizira, Fornaroli anali ndi mapointi 150, Minì 148. Pambuyo pake Minì anachotsedwa pa zotsatira chifukwa mpweya wa m'matayala ake unali wochepera pa muyezo wa malamulo, ndiye mabuku analemba Fornaroli 153, Minì 130, Luke Browning 128.

Kupitirira kumene kuja ndimakulemekeza, sindinama. Koma mtima wanga umakana. Arvid Lindblad, kamnyamata ka zaka 16 nthawi imeneyo, kanapambana kanayi, kuphatikizapo mpikisano wake woyamba weniweni ku Bahrain, ndipo ku Silverstone kanasesa yonse iwiri, Loweruka ndi Lamulungu. Anathera pa nambala 4. Minì anapambana ku Monaco, kumene kulakwitsa ndi chala chimodzi ndiye kuti uli pakhoma. Browning anapambana kawiri pa mipikisano ikuluikulu. Nanga munthu amene chaka chonse sanaonepo mbendera ali kutsogolo tingamutche bwanji kuti ndiye wopambana onse? Ntchito ya mipikisano ya ana imeneyi si kutisonyeza amene ali ndi liwiro loyenera F1 kodi? Tadala akuti ine sindimvetsa masamu. Inu mukuti bwanji?

Makaniki Wakale analemba:

Bambo a Tadala, mwana wanuyo akunena zoona, koma si masamu okha ayi. Tiyambe ndi mmene sabata ya F3 imayendera, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezekera.

Lachisanu pali qualifying imodzi yokha, pamene aliyense amathamanga kufuna nthawi yachangu kuposa anzake. Zotsatira zake ndi zimene zimaika magalimoto pamzere Lamulungu, pa mpikisano waukulu wa mapointi 25, 18, 15, 12, 10 mpaka kutsika. Koma Loweruka, pa mpikisano waufupi uja, amatenga 12 oyamba a qualifying n'kuwatembenuza: wa nambala 12 ndiye amayambira kutsogolo, wothamanga kwambiri Lachisanu amayambira pa 12. Ndipo wopambana Loweruka amangopeza mapointi 10. Ndiye taonani bwino: kupambana Loweruka n'chimodzimodzi kukhala wachisanu Lamulungu. Pa zipambano zinayi za Lindblad mukuwerengazo, ziwiri zinali za mpikisano waufupi umenewu.

Chachiwiri, mnyamata amene amachita bwino Lachisanu lililonse amadzitsekera yekha mwayi wopambana Loweruka, chifukwa nthawi zonse amayambira m'kati mwa gulu, kumene mapiko akutsogolo amathyokera pa kona yoyamba. Theka la mipikisano ya chaka limakhala lomupanikiza dala.

Ine ndagwira sipanala zaka zambiri, ndipo chimene ndimayang'ana pa dalaivala ndi mmene wabwezera galimoto. Matayala a Pirelli a m'magulu amenewa amapangidwa kuti azitha msanga, ndipo mu F3 mulibe lamulo loti uime kusintha matayala. Ukangowatentha mu maraundi asanu oyamba chifukwa chofuna kuonetsa ukali, maraundi asanu omaliza galimoto imakhala ngati ikuyenda pa sopo, anzako kumangokudutsa. Fornaroli anakwera pa nsanja ya atatu oyamba kasanu ndi kawiri. Munthu safika pamenepo kasanu ndi kawiri pakati pa magalimoto 30 ofanana ngati alibe liwiro. Ndipo Lindblad wanuyo, atachoka ku Silverstone, ku Hungary, ku Spa ndi ku Monza sanatolenso pointi. Mipikisano isanu ndi umodzi, m'manja lende. Chikho chinamuthawira pamenepo.

Nangozo analemba:

Ine ndili mbali yanu achimwene, ngakhale osati pa zonse.

A Makaniki afotokoza bwino za malamulo, koma funso la Bambo a Tadala linali lakuti mipikisano imeneyi ntchito yake n'chiyani. Ndiye taonani zimene matimu a F1 amachita, osati zimene amanena. Felipe Drugovich anatenga chikho cha F2 (gulu la pakati pa F3 ndi F1) mu 2022, Théo Pourchaire mu 2023. Onse awiri chaka chotsatira analibe mpando wothamangira mu F1, ndipo lamulo silimulola ngwazi ya F2 kubwereranso mu F2. Pamene Kimi Antonelli anathera pa nambala 6 mu F2 ya 2024, Oliver Bearman pa 12, koma mu 2025 wina anali mu Mercedes, wina mu Haas. Bearman chimene chinamutsegulira khomo ndi tsiku limodzi ku Jeddah, Carlos Sainz atadwala mwadzidzidzi, iye n'kukwera Ferrari n'kumaliza wachisanu ndi chiwiri ali ndi zaka 18. Max Verstappen naye mu European F3 ya 2014 anali wachitatu, chikho chinapita kwa Esteban Ocon, koma anapambana mipikisano 10 ndipo chaka chotsatira anali mu F1 ali ndi zaka 17.

Ndiye amene amalemba anthu ntchito amayang'ana masiku amene mwana anawala kuposa onse, ngati Lindblad ku Silverstone kuja, mvula ikugwa ikusiya, ena akusintha matayala ena akukhalabe ndi osalala. Chikho amachiona, koma si chokhacho. Apa mtima wanu sukunama.

Pamene ndikusiyana nanu ndi poti muchotse ulemu wa Fornaroli. Malamulo onse anawadziwa chaka chisanayambe. Palibe amene anabisiridwa.

Mphwanu wa Turn 1 analemba:

Akuluakulu, ndiponyeko mawu pang'ono. Zimenezi si zachilendo. Mu F1 mwenimwenimo, 1958, Mike Hawthorn anapambana kamodzi, Stirling Moss kanayi, chikho chinapita kwa Hawthorn ndi pointi imodzi. Keke Rosberg mu 1982 anapambananso kamodzi kokha. Ndipo Gabriel Bortoleto, amene anatenga F3 mu 2023 ndi Trident yomweyi, anapambana Lamulungu ku Bahrain ndi ku Melbourne koyambirira kwa chaka, kenako osapambananso mpaka kumapeto, kumangotola mapointi. Palibe amene amamukayikira lero, chifukwa mu 2024 anatenganso F2 chaka chake choyamba n'kupita ku timu ya Sauber mu F1.

Komanso musaiwale Super Licence, chiphaso cholowera mu F1. Pamafunika mapointi 40 otoleredwa m'zaka zitatu. Ngwazi ya F3 imapatsidwa 30, ngwazi ya F4 12, atatu oyamba a F2 amapatsidwa 40 onse. Mwana amene akudziwa kuti makolo ndi omuthandiza alibe ndalama zoti abwereze chaka sangamachite njuga pa kona iliyonse. Malo amene wathera kumapeto kwa chaka ndiwo tikiti yake.

Mayi a Mapasa analemba:

Ine sinditsatira manambala ngati inu, koma ndimaonera limodzi ndi ana anga, ndipo mawu oti "alibe ukali" amandiwawa akamanenedwa kwa ana a zaka 17, 18, 19. Pa 1 Julayi 2023, Dilano van 't Hoff wa ku Netherlands, wa zaka 18, anamwalira ku Spa pa mpikisano wa Formula Regional, mvula ikugwa, madzi akufuka kumbuyo kwa magalimoto osaona kutsogolo. Pafupi ndi pomwepo ndi pamene anafera Anthoine Hubert mu F2 pa 31 Ogasiti 2019. Billy Monger anaduka miyendo yonse iwiri ku Donington mu 2017, mu F4, ali ndi zaka 17. Magalimoto a masiku ano ali ndi halo, chitsulo choteteza mutu wa dalaivala, inde, koma ana amenewa amathamanga liwiro loti munthu wamba sangalipirire. Mwana amene amadziwa tsiku lolimbana ndi tsiku longofikitsa galimoto kumapeto, ine ndimamuombera m'manja ndi mtima wonse. Kumbuyo kwa chipewa chilichonse kuli mayi amene wagwira mtima m'manja.

Bambo a Tadala analemba:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri.

Mayi a Mapasa, mwandikhudza. Tsiku la van 't Hoff ndimalikumbuka, ndinazimitsa foni osafunanso kuona kalikonse sabata imeneyo. Sindinkatanthauza kuti ana azidziponya pangozi kuti ife tisangalale, ndipo ngati zinamveka choncho mundikhululukire.

A Makaniki, za Loweruka zija zandilowa. Ndinkawerenga zipambano ngati zonse n'zolemera mofanana, pamene wina anapambana atayambira kutsogolo chifukwa Lachisanu anali wa nambala 11 kapena 12. Ndipo zoti Lindblad anakhala malo atatu osatola kanthu ndinkazidumpha dala, chifukwa kamnyamata kameneka ndimakakonda. Ndikuvomera.

Koma chimene chanditembenuza kwambiri ndi chimene ndinalemba ndekha pamwambapa osachiganizira bwino. Usiku uno ndabwereza kanema wa raundi yomaliza ija kasanu. Munthu wamantha, wongowerengera mapointi, sakanalowa pa Parabolica paja. Kona imeneyi umafikapo uli pa liwiro lalikulu, ndi yaitali, imapitirira kukhota mpaka kukutulutsira mu msewu wa pamzere. Ukachedwetsa mabuleki mopitirira, matayala akutsogolo amagwira n'kuyamba kufuka, galimoto imapita yowongoka, umamutenga mnzako nonse kukathera kunja. Akanamugunda Mansell, akanataya zonse, ndipo nthawi imeneyo palibe amene ankadziwa kuti Minì achotsedwa. Mukayang'ana bwino muona kuti anayamba kukonzekera kuyambira potuluka mu Ascari, kudziika kumbuyo kwenikweni kwa Mansell kuti mphepo imukoke, n'kutulukira mkati pa nthawi yake. Ndipo Mansell naye ndimupatse ulemu wake, anamusiyira malo okwana galimoto imodzi, sanamutsekere mwankhanza ayi. Chaka chonse mnyamatayu anasunga ukali umenewu, n'kuutulutsa pa kona imodzi imene unkafunikadi.

Achemwali a Nangozo, pa za matimu a F1 tikugwirizana, ndipo zimandiwawabe kuti chikho sichimutsegulira mwana khomo mmene chimayenera. Koma Fornaroli yemweyu mu 2025 anapita ku F2 ndi timu ya Invicta, anapambana koyamba ku Silverstone Loweruka, anapambananso kwina, n'kutenga chikho cha F2 chaka chake choyamba, monga anachitira Charles Leclerc mu 2017, George Russell mu 2018, Oscar Piastri mu 2021 ndi Bortoleto mu 2024. Zimenezi ndinkazidziwa, kungoti ndinkaziika pambali kuti mkangano wanga ndi Tadala usathe.

Chimodzi chokha sindinasinthe. Ndikanakonda wopambana Lamulungu azisiyana kwambiri ndi wachitatu kuposa mapointi 10 a panopa, makamaka m'magulu a ana, kuti amene wayesetsa kufika kutsogolo kwenikweni azimva kulemera kwake. Pamenepo a Makaniki tidzakangananso tsiku lina.

Tadala akadzuka ndimuuza kuti za masamu zija anawina ndi iye. Kenako tionera limodzi mpikisano wa Lamulungu wa ku Silverstone 2024 kuyambira poyamba, chifukwa iye sanauone, ndipo ndikufuna aone nkhope ya thambo lija pamene anyamata ankasankha matayala pamzere.