Komiti ikufuna kochi achoke Lachisanu, kalata ndiilembe bwanji?

A Tembo, mlembi wa kalabu, Lusaka

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Timu yathu yasewera magemu 13 mu Super League ya Zambia: yapambana 3, yafanana mphamvu 3, yagonja 7. Tili ndi mapointi 12, pa nambala 15 mwa matimu 18, ndipo m'magemu asanu omaliza tatolamo pointi imodzi yokha. Wapampando akufuna kochi achoke komiti ikakumana Lachisanu, kalata ndilembe ine. Kochiyo ndi wakunja, kontirakiti yake yatsala ndi miyezi 18, amalandira K40,000 pamwezi, ndipo anabwera ndi wachiwiri wake. Malipiro ake ndi a osewera atsalira miyezi iwiri, mabonasi a magemu awiri amene tinapambana sanaperekedwebe.

Amayi Zulu, odziwa malamulo a masewero

A Tembo, kalatayo musalembe kaye. Popeza kochi ndi wakunja, mlandu wake sudzathera ku Football House, likulu la FAZ, bungwe loyendetsa mpira ku Zambia; akhoza kukasuma ku Football Tribunal, bwalo la milandu la FIFA. Kuyambira pa 1 Januwale 2021 FIFA ili ndi malamulo oteteza makontirakiti a makochi, ndipo kugonja magemu pakokha sikuwerengedwa ngati chifukwa chokwanira chothetsera kontirakiti. Mukamuchotsa iye osapeza ntchito ina, mudzalipira miyezi yonse yotsala: 18 kuchulukitsa ndi K40,000, ndiye K720,000, kuonjezapo K80,000 imene muli nayo kale ngongole, wachiwiri wake tisanamuwerengere. Akapeza timu ina, zimene azilandira kumeneko m'miyezi yomweyo zimachotsedwapo, koma musadalire zimenezo.

Choopsa kwambiri ndi miyezi iwiriyo. Kalabu ikalephera kulipira miyezi iwiri, kochi akhoza kulemba kalata yopereka masiku 15, ndipo akatha osalipidwa amachoka yekha, mlandu n'kukhala wanu. Chigamulo chikatuluka mumapatsidwa masiku 45 oti mulipire, mukalephera amakuletsani kulembetsa osewera atsopano mpaka mawindo (nyengo zolembetsera osewera) atatu otsatizana. Anzathu a ku Zimbabwe anachotsedwa m'mpikisano wopita ku World Cup ya 2018 m'chaka cha 2015 chifukwa cha ngongole ya kochi mmodzi, Valinhos wa ku Brazil.

Akanakhala wa kuno kwathu, Employment Code Act ya 2019 imafunabe chifukwa chomveka, komanso kuti munthu apatsidwe mwayi woyankhapo asanachotsedwe.

A Mwale, ounika magemu pa vidiyo

Ine ndayang'ana manambala anuwo. Ngati magemu asanu omaliza apereka pointi imodzi, ndiye kuti asanu ndi atatu oyamba anapereka 11. Timu yotola mapointi 11 pa magemu 8 si timu yotsika. Kochi ndi yemweyo, osewera ndi omwewo. Chinasintha n'chiyani pakatipo?

Lachisanu lisanafike, khalani pansi ndi mavidiyo a magemu onse 13. Chigoli chilichonse chimene mwamwetsedwa muchiike m'gulu lake: cha pakona kapena firikiki, cha penate, cha kulakwitsa kwa munthu mmodzi, kapena chobwera timu yonse itatseguka pakati. Mulembenso mphindi imene chinalowa. Kenako muwerenge mashoti a mkati mwa bokosi, anu ndi a adani, gemu ndi gemu. Timu yowombera kasanu ndi kawiri m'bokosi n'kugonja 1-0 ili ndi vuto losiyana kutali ndi timu yosafika n'komwe m'bokosimo. Pomaliza, matimu asanu omaliza amene mwasewera nawowo ali pa nambala ziti?

Makomiti ambiri amapusitsidwa ndi ichi: kochi amachotsedwa timu ili pansi penipeni pa tsoka lake, itangodutsa magemu ovuta. Otsatira amakhala opepukirapo, wina n'kupambana awiri, anthu n'kumati mankhwala agwira. Nthawi zambiri timuyo ikanadzukabe ndi kochi wakale yemwe.

A Phiri, manijala wa timu

A Mwale, zoona, koma tisafike ponena kuti kuchotsa kochi sikuthandiza konse. Mu Okutobala 2011 FAZ inachotsa Dario Bonetti atangoipititsa Chipolopolo, timu ya dziko la Zambia, ku AFCON, mpikisano wa maiko a mu Africa, n'kubwezeretsa Hervé Renard, ndipo mu Febuluwale 2012 chikho chinabwera kuchokera ku Libreville. Leicester City inachotsa Claudio Ranieri mu Febuluwale 2017, chaka chisanathe chitengereni ligi, ndipo Craig Shakespeare, amene analowa m'malo mwake, anapambana magemu asanu oyamba a ligi, timu n'kupulumuka.

Chimene chimaweruza ndi m'chipinda chovalira. Osewera akasiya kumumvera kochi, manambala sangamupulumutse. Zizindikiro zake zimaoneka pa training, osati pa gemu. Anyamata akuluakulu amayamba kudwala Lachiwiri n'kuchira Lachisanu. Kochi akuyankhula, ena amamanga zingwe za nsapato osadzutsa mutu. Mpira ukatayika osewera pakati amabwerera choyenda. Wosinthidwa amatuluka osapereka dzanja pa benchi, ndipo timu imene isewere Loweruka masapota amaidziwa pa WhatsApp Lachinayi.

Vuto lanu a Tembo n'lakuti zizindikiro zomwezi zimaonekanso anthu akakhala ndi njala. Mnyamata amene landilodi wamutsekera chitseko ku Chawama kapena ku Mtendere sangathamange mphindi 90. Simungadziwe ngati osewera akukana kochi kapena akukana ngongole musanalipire.

A Banda, mphunzitsi wa makochi

Pa za Renard tionjezepo kuti sanali mlendo. Anali ataphunzitsa kale timuyo kuyambira 2008, n'kufika nayo mu quarter-final ya AFCON ya 2010 ku Angola, motero osewera ankawadziwa mmodzimmodzi. Ndipo Shakespeare uja anachotsedwa mu Okutobala chaka chomwecho cha 2017. Funso si lakuti achoke kapena ayi, koma alowe ndani, ali ndi laisensi ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa, yoyenera kukhala pa benchi mu Super League kapena ayi, ndipo wavomera kale kapena mukungomuganizira.

Chinthu chimodzi ndikuchonderereni: musamutumize ku tchuthi chokakamiza monga zazolowereka kuno. Mumalipira makochi awiri, osewera sadziwa womumvera, ndipo wogwirizira sayerekeza kukhazika pa benchi mnyamata aliyense wa dzina poopa kuti mwini malo abwera mawa.

Ndifunsenso, osewera amene alipowa anawasankha ndani? Ngati theka anabwera ndi a komiti, kumuweruza kochi pa iwo n'kumulakwira.

A Tembo

Zikomo nonse. Mavidiyo taona ndi anyamata a technical. Tamwetsedwa zigoli 17: za pakona ndi firikiki 8, za penate 2, zotsalazo za mpira woyenda. Zigoli 9 zalowa itadutsa mphindi ya 70. Pa magemu 7 ogonja, 4 ndi a chigoli chimodzi. Pa matimu asanu omalizawo, anayi ali m'gulu la asanu ndi limodzi apamwamba, ndipo magemu awiri a ku Copperbelt tinanyamuka ku Lusaka m'bandakucha wa tsiku lomwelo chifukwa ndalama ya malo ogona panalibe. Osewera atsopano 9, kochi anasankha 3.

A Mwale

Ndiye nkhani yaoneka. Zigoli za kumapeto ndi miyendo: munthu wakhala m'basi makilomita oposa 300 kupita ku Ndola kapena ku Kitwe, watsika, wadya, walowa m'bwalo 15 koloko, pa mphindi ya 70 watha. Vuto limenelo ndi la ofesi. Koma zigoli 8 za mipira yoima ndi za kochi, ndipo asazembe. Pafupifupi theka la zigoli zonse! Afotokoze amene amagwira munthu, amene amaima pa mzati woyamba, amene amadikira mpira wachiwiri pakhomo pa bokosi, ndiponso chifukwa chake goloboyi satuluka. Zimakonzeka ndi mphindi 20 pa training katatu pa sabata, anthu omwewo pamalo omwewo, osasinthasintha.

A Phiri

Ndagwirizana nazo, koma muike malire, osangoti tiyeni tione. Komiti imuitane kochi, mugwirizane magemu anayi akubwerawa ndi mapointi ofunika, mwachitsanzo 6 kapena 7 malinga ndi adani ake, zilembedwe m'maminitsi, iye asaine. Tsiku loonanso nkhaniyi likhale windo ya Januwale isanatseguke. Kuchotsa kochi windo itatsekedwa ndiye kulakwitsa kwakukulu, chifukwa watsopano amapeza osewera ogulidwira mpira wa mnzake ndipo sangasinthe ngakhale mmodzi. Mwatsala ndi magemu 21, mapointi 63 akadali pabwalo.

Kapiteni ndi anyamata awiri akuluakulu muwafunse mmodzimmodzi, kochi palibe, wapampando palibenso. Ndipo a komiti asiye kulowa m'chipinda chovalira pa half-time.

Amayi Zulu

Pa za kusainako chenjerani: maminitsi amenewo sasintha kontirakiti. Akalephera mapointiwo simunapezebe ufulu womuchotsa ulele. Chimene mungachite ndi kukambirana naye tsopano, mtima uli m'malo, za mgwirizano wosiyana mwamtendere: miyezi ingati adzalandire, yolipidwa masiku ati, tikiti yobwerera kwawo, nyumba ndi galimoto abweze liti, ndi mawu oti mbali zonse sizidzasumirana. Wachiwiri wake akhale ndi pepala lakelake. Ambiri amavomera ndalama yocheperapo ngati ili yotsimikizika, koma ngongole yakale iyambe yalipidwa yonse, kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Musaiwale kudziwitsa a Immigration, popeza pemiti yake ya ntchito ili m'dzina la kalabu.

A Tembo

Lachisanu ndipita ndi mapepala awiri m'malo mwa kalata ija. Loyamba likuonetsa K800,000 ya kumuchotsa lero, pambali pake mtengo wolipira miyezi iwiri ya timu yonse, mabonasi, ndi malo ogona pa maulendo a ku Copperbelt otsala. Lachiwiri ndi la zigoli 17 zija ndi magemu anayi a malire. Amayi Zulu, ndikutumizirani kontirakiti madzulo ano muone ngati muli ndime ya kutsika ligi, chifukwa pa tsamba lachitatu pali mawu ena okhudza zimenezo amene komiti ikuwamva mosiyana.