Kuwonjezera pa funso lija la nthawi yolemba nkhani zopeka

Pa funso la momwe munthu wotanganidwa angapezere mpata wolemba, tinati mphindi 20 patsiku n'zokwanira, popeza mawu 200 patsiku amakwana 6,000 pamwezi. Koma ena mwadandaula kuti mukakhala pansi mutu umangouma. Vuto n'lakuti mukufuna kuganiza ndi kulemba nthawi imodzi. Ganizo likakufikirani masana, lisungeni mufoni m'mizere itatu: munthu wa m'nkhaniyo ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani. Lopanda chotchinga silinapse, lisiyeni kaye.

Nthawi yolemba ikakwana, musayambe n'kukonza zadzulo, mphindi zonse zimathera pa ndime imodzi. Polekeza, lekezani pakati pa chiganizo, ngakhale zikunyong'onyeni, kuti mawa mudzangochimaliza n'kupitirira.